Chidole Chokhala ndi Tsitsi la Munthu

Ntchito ya ku Falls Church ndinaipeza chifukwa mnzanga anaithawa. Mnzangayo ndi mayi wa ku Lusaka. Tinkachita lendi nyumba imodzi ku Woodbridge, kunja kuno kwa azungu, ndipo tonse ntchito yathu inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Iye anapitako tsiku limodzi lokha, pobwera n'kuponya chikwama pa sofa.

"Ine kuja sinizabwelelako," anatero. "Vidoli vili ponseponse, vikuyangana che. Yenda iwe, ndiwe wolimba mutima."

Ndinamuseka mpaka misozi. Ine wokulira ku Ndirande, ndiope zidole? Ndinaimbira a ku ofesi kuti andipatse ineyo, ndipo Lolemba lotsatira ndinalawirira kukalimbana ndi mzere wa magalimoto wa pa msewu waukulu wa 95.

Inali nyumba yaing'ono ya njerwa, kuseri kwa Seven Corners. Ananditsegulira abambo aafupi, andevu zoyera, manja awo akunjenjemera ngati munthu wa malungo. Nditangoponda m'kati, kuseka kwanga konse kunathera pakhomo pomwepo. Kudenga konse kunali zidole za zingwe zitapachikidwa: mafumu, asilikali, nkhandwe yovala jekete, mbalame za makosi aatali, ana asukulu. Kamphepo kolowera pachitseko kanazigwedeza, ndiye zonse zinayamba kutembenuka pang'onopang'ono, kundiyang'ana ine. Ndinati chamumtima, Yesu wanga, ndalowa kuti kuno?

"Musaope," anatero abambo andevuwo m'Chingerezi chawo chofatsa. "Ndinazisema ndine. Zimangofuna kudziwa amene wabwera."

Anandilowetsa kuchipinda kumene kunali odwalawo. Anali abambo aatali, owonda, a maso obiriwira, atakhala pabedi motsamira mapilo. Matenda awo anali aja oiwala. Ndinawapatsa moni, iwo n'kungondiyang'ana pachipumi. Potuluka ndinafunsa kuti, "Achimwene anuwa akhala akudwala nthawi yaitali bwanji?"

"Si mchimwene wanga," anayankha. "Ndi mwamuna wanga. Takhala limodzi zaka zoposa makumi asanu."

Ine ndine mayi wa kwaya, Lamulungu lililonse ndimakhala kutsogolo ndi duku langa. Kwathu anthu otere tili nalo dzina lowatchula, dzina lonyoza, ndipo sindinama, linandifikira pa lilime tsiku limenelo. Koma ntchito ndi ntchito. Ndasambitsapo zidakwa, ndasambitsapo agogo ena amene ankanditukwana khungu langa ndikuwapukuta kumsana. Ndinangoti, "Chabwino, bwana," n'kupita kukafuna matawulo. Mawu oti "amuna anu" ndinkawazemba. Ndikafuna kuwatchula ndinkangoti "anzanu aja."

Ntchito yanga inali kusambitsa, kuveka, kuchapa ndi kupereka mankhwala. M'mawa uliwonse abambo andevu ankalowa kuchipinda ndi kapu ya khofi, ndipo m'mawa uliwonse odwalawo ankandikoka mkono n'kundinong'oneza kuti, "Kodi bambo ameneyu ndani? Akutani m'nyumba mwanga?"

"Ndine wokonza zidole," ankayankha abambo andevuwo, akumwetulira. Akatero ankapita kukhitchini n'kukatsuka kapu yoyera kale. Zimenezi zinkandikhudza, ngakhale sindinkafuna kuti zindikhudze.

Chinthu chimodzi chokha ankandiletsa. "Nthawi ya chakudya ndi yanga," anandiuza tsiku loyamba. Ankatenga mbale, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Ine ndikupinda zovala m'khonde, ndinkamva mawu a mzimayi m'katimo. Mzimayi weniweni, wa mawu akuthwa, wolalata ngati wogulitsa tomato amene wina wamuponda pa mulu. M'nyumba monsemo mzimayi ndinalimo ndekha! Pakapita kanthawi chitseko chinkatseguka, mbale ili mbee.

Tsono pafupi ndi bedi la odwalawo, pa msomali, panali chidole chimodzi chosiyana ndi zinzake. Chinali mayi wojintcha, wa diresi yobiriwira ndi epuloni, kutalika kwake ngati kuchokera pa chigongono kufika ku zala. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinachikhudza kumutu. Mayo ine! Silinali tsitsi la ulusi ayi. Linali tsitsi la munthu, lofiirira, losalala, lenileni.

Inu amene munakulira kwathu, werengani nokha. Chidole chokhala ndi tsitsi la munthu, chopachikidwa kumutu kwa munthu wodwala, chitseko chotseka, ndi mawu a mzimayi wosaoneka. Amayi anga tikameta ankatitolera tsitsi lonse n'kukalitaya kuchimbudzi, kuopa kuti wina angalitole. Ine ndinaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho langa. Kufunsa ndiye sindinafunse, chonsecho mwambi wa safunsa anadya phula ndinaulemba pa mayeso ndili sitandade faifi.

Sabata yachitatu abambo andevu anayenera kukagona kuchipatala masiku atatu, kukawapanga opaleshoni ya bondo. A ku ofesi anakonza zoti ine ndizikhala masana, wina azigonera. Galimoto yowatenga itafika, anandigwira dzanja pakhomo.

"Akavuta kudya, mumubweretse mayi wa epuloniyo pafupi. Mungomukhazika pa bulangete, amuone. Ndikabwera ndidzakuonetsani zonse."

Ndinati, "Inde, bwana." Galimoto isanakhote n'komwe, ndinali nditatenga kale jumbo lakuda la zinyalala. Ndinachotsa chidolecho pa msomali ndi manja ovala magolovesi, n'kuchikankhira m'jumbomo, zingwe ndi kamtengo kake kogwirira, zonse pamodzi, n'kumanga pakamwa. Ndinakaliponya kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, kuseri kwa makina ochapira. Kenako ndinatsegula mawindo, ndinapemphera m'chipinda chonse, ndinaimba ndi nyimbo yomwe. Ndinkadziona ngati ndapulumutsa munthu.

Masana ndinabwera ndi supu. Abambo odwalawo anayang'ana pa msomali, n'kutseka pakamwa. Ndinanyengerera, ndinaseka, ndinachita za ndege ngati kudyetsa mwana, koma ayi ndithu. Mawa lake ndinaphika phala losalala la mkaka, loti ngakhale munthu wokwiya amalawako. Anakankha supuni ndi kuseri kwa dzanja. Ndinayesa nthochi, yogati, ayisikilimu. Ankangomwa timadzi pang'ono, maso ali pa msomali. Ine kuuma mutu kwanga, ndinkati ndi chiwanda chikulimbalimba, chitha chokha.

Tsiku lachitatu, Lachitatu, kunabwera nesi amene ankawayendera. Anawatsina khungu la padzanja, khungulo n'kungoima osabwerera. Anandiyang'ana modutsira pamwamba pa magalasi.

"Akapanda kudya pofika Lachisanu, ndiitanitsa ambulansi. Ndipo munthu wotere akalowa m'chipatala sabwereranso kunyumba. Amutumiza kumalo osungira okalamba, ndipo mwamuna wakeyo ndi bondo limenelo sangamayendeko tsiku ndi tsiku."

Atatuluka ndinaimbira mnzanga wa ku Lusaka uja, ndikuganiza kuti andiyamikira. Ndinamufotokozera zonse.

"Iwe! Ine ninathawa che, sininagwire vinthu va bene," anakuwa pa foni. "Bweza chidoli cha bene, uzapaya muntu!"

Ndisanatsike n'komwe kubesimenti, ndinamva galimoto panja. Abambo andevu analowa ndi chitsulo choyendera, pang'onopang'ono, molunjika kuchipinda. Anayang'ana nkhope ya mnzawoyo, mmene masaya analowera, kenako anayang'ana pa msomali.

"Ali kuti?"

Ndinatsika, n'kubwera nalo jumbolo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba. Anakhala pa tebulo la kukhitchini n'kulimasula. Chidole chinatuluka mutu uli cham'mbali, mwendo uli kukhosi. Zingwe zonse zinali zitapotana n'kukhala chimpira chimodzi chakuda. Anayesa kukokako chimodzi, zala zawo zikuvina, mfundo n'kumangika kwambiri. Anayesanso. Kenako anaika manja onse awiri pa tebulo n'kumawayang'ana.

Ndinkalakalaka akanandikalipira, kapena kundithamangitsa kumene. Iwo anangofunsa kuti, "Chifukwa chiyani?"

Ndinawauza zonse, za tsitsi, za mawu a mzimayi, za amayi anga ndi chimbudzi. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kusekako kunasanduka kulira, ndevu zonse kunyowa. Anati kudula zingwezo n'kumanga zatsopano ndi ntchito ya masiku awiri kwa munthu wa manja abwino, chifukwa chingwe chilichonse chili ndi muyeso wake, ndipo mnzawo amene akanawathandiza amakhala kutali, sangafike Lachisanu lisanakwane.

Apa m'pamene mtima wanga unabwerera m'malo. Ndinati, "Bwana, kupemphera ndalakwitsa, koma kumasula ndimatha. Bweretsani kuno."

Ine ndayamba kumasula tsitsi la anthu ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ku Ndirande azimayi ankabwera ndi mesh ya miyezi inayi, yogwirana ngati chisa cha mpheta, ine n'kuimasula popanda kudula ngakhale tsitsi limodzi. Ndinatulutsa chipeso changa cha mchira m'chikwama, ndinapempha phini, n'kuchigoneka chidolecho pa tawulo. Zingwe zinalipo zisanu ndi zinayi, zopyapyala ngati ulusi wosokera nsapato. Lamulo lake ndi limodzimodzi ndi la tsitsi: osakoka, kuyambira kunsonga, ndi kutsata chimodzi mpaka komwe chachokera.

Ndinayamba cha m'ma thwelofu. Iwo anakhala pambali panga, bondo lili pa mpando, n'kumandiuza kuti ichi ndi cha phewa, icho ndi cha bondo, ichi chimakweza chibwano. Pakati pa zimenezo anayamba kukamba.

Anati anakumana ali anyamata, kuseri kwa siteji ya zidole, wina wosema, wina wa mawu. Anagula kagalimoto kakale n'kumayenda m'masukulu ndi m'maholo a m'matauni ang'onoang'ono. Masiku amenewo zikanadziwika, palibe sukulu imene ikanawalola kuyandikira ana. Pa mapepala oitanira anthu ankalemba kuti ndi anzawo a bizinesi. Akafika kogona alendo ankapempha mabedi awiri, m'mawa n'kuvundula linalo kuti wokonza m'chipinda asadabwe.

"Mu ntchito yathuyi tinalimo ambiri otere," anatero. "Akazi awiri uku, amuna awiri uko. Tinkadziwana, osanena. Ntchito ya zidole imafuna anthu awiri oyenda limodzi, odya limodzi, odziwana kapumidwe. Ndiye ndani angafunse? Komanso timabisala kuseri kwa nsalu. Anthu adzaza holo yonse, ife tili pamwamba pa thabwa, mapewa atagundana, popanda wotiona. Malo okhawo padziko lonse pamene ndinkatha kumutsamira pagulu."

Anati iwo anali amantha. Nsalu ikati itseguke, manja ankawanjenjemera ngakhale ali mnyamata, ndipo mnzawoyo ankawanong'oneza mawu omwewomwewo nthawi zonse: "Ukunjenjemera. Tsamira kuno."

"Nanga tsitsili?" ndinafunsa, maso ali pa mfundo.

"Ndi lake. Linali lofika m'mapewa. Mphunzitsi wamkulu wina anati mwamuna wa tsitsi lotero salowa pa sukulu pake. Ndiye anakhala pa mpando, ine n'kumumeta. Ndinalitola pansi, kulitaya kunandikanika. Mayi uyu ndinamusema chaka chimenecho. Ndi woperekera zakudya mu lesitilanti, miyendo imamupweteka, ndipo makasitomala onse amamutopetsa. Manja ake ndi ine, mawu ake ndi iye. Ine anandiiwala, dzina lake lomwe analiiwala, koma mayiyu sanamuiwale. Akamuuza kuti adye, amadya."

Mzimayi wolalata uja anali abambo odwala omwewo, amene ine ndinkawamva akungonong'ona.

Anandiuzanso kuti lamulo litalola anakakwatirana ku ofesi ya boma, onse imvi zili mbuu, mboni zawo zili anzawo awiri a zidole. Ndinali pa mfundo yomaliza, ya chingwe cha kumsana, manyazi atandigwira. Itangokwana folo koloko ndinanyamula kamtengo kogwirira kaja m'mwamba, zingwe zonse zisanu ndi zinayi n'kutsika zowongoka, chilichonse pachokha.

"Tenthetsani supu," anatero. "Lero chitseko sititseka. Afooka, sangagwire supuni yekha. Mugwira ndinu."

Tinalowa. Odwalawo anali chigonere, maso ali pa msomali. Ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa, ndinaika thireyi pamiyendo pawo. Abambo andevu anaimirira m'mbali mwa bedi, chiuno chitatsamira chitsulo choyendera, n'kutsitsira chidole pa bulangete. Chinangoti khwefu, mulu wa mitengo ndi nsalu.

Zimene ndinaona kenako, mpaka lero ndikazikumbuka tsitsi limandiimirira. Msana wa chidole uja unakwera pang'ono, n'kutsika. Chinapuma! Ndikunena zoona, chinapuma. Kenako chinadzutsa mutu ngati munthu amene wagona pa basi, chinayang'ana uku ndi uku, chinaimirira mogwira m'chiuno. Chinapukuta manja pa epuloni. Chinayamba kuyenda pa bulangete, chikutsimphina mwendo wakumanzere, kukwera bondo la odwalawo ngati chitunda, n'kuima kaye pamwamba kuti chipume. Zingwe ndinazimasula ndekha, ndinkadziwa kuti ndi mtengo ndi ulusi, zala zozikoka ndinkaziona ndi maso angawa. Koma amene anaima pa bulangetepo anali mayi wotopa, woti wakhala chiimire kuyambira m'mawa, ndipo ndinkamudziwa. Ndinamuonapo m'magalasi a mabafa a anthu, nditavala yunifolomu.

Kunjenjemera kwa manja kuja kunkatsika m'zingwe n'kufika m'mutu mwa mayiyo, ndiye ankaoneka ngati munthu amene mkwiyo wamufika pakhosi. Anafika pa thireyi, anasuzumira m'mbale, anayang'ana odwalawo kumaso, n'kumenya m'mphepete mwa mbale ndi kadzanja kake. Kho, kho.

Milomo youma ija inatseguka. Mawu anatuluka akuthwa, a mzimayi, odzaza chipinda chonse.

"Kodi bambo, mwaitanitsa supuyu kuti muzimuyang'ana? Ine miyendo ikundiwawa!"

Kenako pakamwa pomwepo panatuluka mawu ena, aamuna, aulemu: "Pepani, mayi. Ndidya."

Abambo andevu anandikodola ndi chibwano. Ndinatunga supu. Anatsegula pakamwa, anameza. Ndinatunganso. Akati azengereze, mayi uja ankagwira m'chiuno, mawu n'kubwera: "Ena akudikira tebulo limeneli!" Ndinkaseka, misozi ikugwera pa yunifolomu, supuni ikupita ndi kubwera. Mbale inatha. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga yogati, nayonso inatha theka.

Ndimati zathera pomwepo. Koma odwalawo anatambasula dzanja n'kugwira tsitsi la chidole, kulisisita ndi chala. Kenako chalacho chinapeza chingwe cha kumutu, n'kuyamba kuchitsata chokwera. Pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkachitira ine pa tebulo paja. Chinakwera, chinakwera, mpaka chinafika pa kamtengo, n'kupeza zala zonjenjemera zija. Dzanja lonse linazifumbata. Pansi pa bulangete mayi uja anasiya kugwedezeka, anangoima zii.

Sanawayang'ane kumaso. Ankayang'ana kutsogolo, kumene kukanakhala anthu oonera zidole. Ananong'ona ndi mawu awoawo:

"Ukunjenjemera. Tsamira kuno."

Abambo andevu anasiya chitsulo choyendera, anawerama ndi bondo lawo losokedwalo, n'kuika phewa lawo pa phewa la mnzawo. Ine ndinaima pomwepo ndi supuni m'manja, yogati ikudontha pa nsapato yanga. M'tchalitchi ndaimbamo zaka zambiri, koma mantha aulemu ngati amene anandigwira m'chipinda chimenecho ndawamva kawiri kapena katatu kokha moyo wanga wonse.

Lachisanu nesi anabwera, anawatsina khungu, analemba zolemba zake, n'kupita wopanda kuitana ambulansi. Abambo odwala aja anakhala m'nyumba mwawo mpaka tsiku lawo lomaliza, miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake, pa bedi lomwelo. Zimene abusa amaphunzitsa ndimazimvabe Lamulungu lililonse, ndipo sindinganame kuti zonse ndinazimasula m'mutu mwangamu ngati zingwe zija. Koma dzina lonyoza lija silinabwererenso pa lilime langa.

M'mawa wotsatira tsiku la supu lija, zinthu zinabwerera mwakale. Abambo andevu analowa ndi khofi, akukoka mwendo. Odwalawo anandikoka mkono.

"Kodi bambo ameneyu ndani?"

Ndinaona ndevu zija zikukonzeka kumwetulira, kuti anene za wokonza zidole. Ndinawatsogolera.

"Ndi amuna anu awa, bwana. Zaka makumi asanu ndi kuposa."

Anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku ndevu mpaka ku bondo lomangidwa bandeji, n'kubwereranso ku manja ogwira kapu.

"Uyu?" anatero. "Ndiye ndinachita mwayi."

Tsiku limenelo kapu yoyera sinatsukidwe.